Woyeza Mitambo ya Pakati pa Nyenyezi

Akuluakulu a kwathu kuno ku Magomero akandifunsa za ntchito imene imandichezetsa usiku pa kompyuta, ndimayankha mwaulemu kuti ndine woyeza kulemera kwa mitambo. Koma si mitambo ya mvula imene imakuta phiri la Chiradzulu ayi, ndi mitambo ya mpweya ndi fumbi imene Namalenga anaiika pakati pa nyenyezi, mmene nyenyezi zatsopano zimabadwiramo. Wina uli pafupi ndi Nsangwe, mtunda umene kuunika kumayenda zaka ngati 450, ndipo wina waukulu uli kwa Akamwiniatsatana, zaka zoposa 1,300.

Mpweya wochuluka m'mitamboyi ndi haidrojeni, koma mkatikati mwake, mmene kuzizira kumafika madigiri 260 pansi pa ziro, haidrojeniyo amagwirana awiriawiri nakhala duu, osatulutsa kuunika kumene makina athu angakuone. Tsono timachita monga achitira amfumu pabwalo mwini mlandu akakana kulankhula: timaitana mboni. Yoyamba ndi haidrojeni wosagwirana wa m'mbali, amene amatumiza mafunde a wailesi a masentimita 21. Yachiwiri ndi carbon monoxide, wa mafunde a mamilimita 2.6, amene anamveka koyamba kwa Akamwiniatsatana m'chaka cha 1970.

Mboni imene mtima wanga umaikonda, komabe, ndi yachitatu. M'chaka cha 1912 Victor Hess anakwera m'baluni kupitirira makilomita 5, napeza kuti tilipo tinthu tamphamvu totsika kuchokera kuthambo, timene lero titchedwa cosmic rays; ndipo popeza tinthuti timalowa mumtambo wonse mosasankha, kuli konse kumene tagunda mpweya, kaya wowala kaya wobisika, kumatuluka cheza cha gamma. Setilaiti ya Fermi, imene inaulutsidwa m'chaka cha 2008, imawerenga chezachi kamodzikamodzi, nkulemba nthawi yake, mbali imene chachokera ndi mphamvu yake. Ntchito ya manja anga ndi kutenga kaundula ameneyu, kuchotsamo kuwala kwa zinthu zina zakutali kumene kumadzetsa chisokonezo, kenaka kusanjika mapu a mboni zitatuzi kuti ndione pogwirizana ndi posiyana. Chezachi chimabwera mwapatalipatali, kotero kuti chithunzi cha mtambo umodzi chimafuna kaundula wa zaka zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wothamanga pantchitoyi amayesa madontho angozi kuti ndi mtambo.

Posiyana pajapo ndiye pali chuma. M'chaka cha 2005 Isabelle Grenier ndi anzake anasonyeza kuti m'mphepete mwa mitambo yapafupi muli mpweya wambiri umene mboni ziwiri zoyamba sizinauone, pakuti kumeneko kuwala kwaukali kwa nyenyezi kumaphwanya carbon monoxide pamene haidrojeni akali wogwirana. Ine ndimati muyeso uliwonse wotsamira mboni imodzi ngwopereŵera, ngakhale utalembedwa mokongola motani.

Kaundula wa Fermi ngwaulere kwa aliyense amene ali ndi intaneti ndi masamu okwanira. Inu aphunzitsi a sukulu za ku Magomero ndi ku Namadzi, tulutsani ana panja madzulo a mwezi wa May, muwalozere kadera kakuda kali pambali pa nyenyezi za Mtanda wa Kummwera, ndipo muwauze kuti umenewo ndi mtambo, ndi kuti ukhoza kuyezedwa.