Lamya Zitatu Pazenera

Nyumba ya mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito uja ili m'tsinde mwa phiri, kumpoto kwa boma la Dedza, kumene chifunga chimachedwa kuchoka m'miyezi yozizira. Malowo ndi achonde pa ulimi wa mbatata ya kachewere, koma pa nkhani ya lamya za m'manja ndi osauka zedi, pakuti phirilo limatchinga mafunde ochokera ku nsanja za netiweki. Munthu wofuna kulankhula ndi mbale wake wakutali ankayenera kukwera pachulu cha kuseri kwa khola, n'kuima chilili ngati woingitsa mbalame m'munda wa mapira.

Pa 23 March 2020 boma lidatseka sukulu zonse chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ana awiri a mkuluyu adabwerera kumudzi. Wamkazi ankaphunzitsa pa sukulu ina yoima payokha ku Lilongwe, ndipo malipiro ake adaima tsiku lomwe zitseko zidatsekedwa. Mlongo wake wamng'ono anali pakati pa maphunziro a zamagetsi. Patapita miyezi itatu, mtsikanayo adalandira uthenga umene adauyembekezera chaka chathunthu: amene adawapempha thandizo lokapitiriza maphunziro ku Britain ankafuna kumufunsa mafunso maso ndi maso kudzera pa intaneti, kwa theka la ola. Kukachitira zimenezi mumzinda kudali kovuta. Bambo awo ankadwala matenda a shuga, choncho pabanjapo adapangana kuti pasapezeke wokwera minibasi n'kubwera ndi mliri pakhomo.

Mnyamatayo adayamba ndi kuyendayenda. Kwa masiku awiri adazungulira nyumba yonse lamya ili m'manja, akuyeza liwiro la intaneti m'mawa, masana ndi usiku. Adapeza kuti pazenera la chipinda chosungiramo chimanga, pamwamba penipeni, pankafika 4G, ngakhale idali yothawathawa ngati mvula ya chizimalupsa. Lamya imodzi sikadadalirika. Tsono adatulutsa rauta yakale imene adagula kwa mnzake kusukulu, momwe mudali pulogalamu yaulere ya OpenWrt, ndipo adaganiza zomangirira lamya zingapo ku rautayo kuti nyumba yonse idzimwa pa mpopi umodzi.

Kupeza lamyazo ndiye kudali ntchito. Mayi adapereka yawo mosavuta. Bambo adayamba akana, poti m'lamyamo ndi momwe munkafikira uthenga wa penshoni yawo.

"Bambo, sindikhudza chilichonse cha m'katimo," adatero mnyamatayo atagwada pambali pa mpando wawo wandalema. "Ndingoyatsa hotspot basi."

"Iwe, lamya yanga ikagone ndi anankafumbwe?" adafunsa mkuluyo. Komabe madzulo ake adaipereka, ataipukuta bwinobwino ndi mpango.

Apa mnyamatayo adachita cholakwa chake choyamba. Lamya za bambo ndi mayi zidali za kampani imodzi, motero zinkakoka mafunde pa nsanja imodzimodzi. Nsanja ili ngati chitsime cha m'mudzi: madzi ake amagawidwa kwa onse obwera kudzatunga, ndipo chikaphwa, wobwera ndi ndowa ziwiri amabwerera chimanjamanja chimodzimodzi ndi wa ndowa imodzi. Madzulo anthu akachuluka pa intaneti, lamya ziwirizo zinkafookera limodzi. Padafunika yachitatu ya kampani ina, ndipo idachokera kwa mayi wina woyandikana nawo, wogulitsa mandasi, amene adangopempha kuti ana ake azidzachitirapo ntchito ya kusukulu.

Mkulu uja adaphunzitsa masamu zaka zambiri, choncho adawerengera kuti lamya zitatu zipereka liwiro lowirikiza katatu. Ataona kuti chithunzi cha pa kompyuta sichidafulumire monga ankayembekezera, adakayika ngati mwana wake akuphunziradi kanthu kusukuluko. Mnyamatayo adafotokoza ndi fanizo la ngolo. Munthu wokhala ndi ngolo zitatu amatuta matumba a chimanga msanga, chifukwa thumba lililonse limakwera ngolo imene ili ndi malo. Umu ndi momwe rauta imagawira ntchito: wina akamawerenga nkhani, wina akutumiza kalata, wina akumvera phunziro, aliyense amapatsidwa njira yake. Koma kukambirana kwa pa kanema kuli ngati chipika chimodzi chachikulu cha m'bawa, chimene chimakwera ngolo imodzi yokha, zinazo zikuyenda zopanda kanthu. Kuti ngolo zonse zisenzeko chipikacho, pafunika kuchicheka tizidutswa, kutilemba manambala, ndi kukhala ndi mmisiri kutsidyako wotilumikizanso m'ndondomeko yake. Mmisiri wotere alipo: ndi kompyuta yobwereka ya kutali, yolipiridwa mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja. Pakhomopo padalibe wa khadi la kubanki lotha kulipira zimenezo.

Chimene adakwanitsa ndi chocheperapo, koma ndicho chidali chofunika: adauza rautayo kuti izifunsa njira iliyonse pafupipafupi ngati ili moyo, ndipo ikapeza kuti imodzi yafa, izisamutsira katundu pa ina. Lamya ziwiri adazilumikiza ndi nthambo, yachitatu ndi Wi-Fi, ndipo zonse adazikhazika pathabwa limene adakhomera pazenera lija. Magetsi adachokera ku batire ya galimoto yodzazidwa ndi sola.

Usiku woyamba udawaphunzitsa za mtengo wake. Kompyuta itaona Wi-Fi idayesa kuti yafika pa madzi aulere, ndipo idayamba kudzikonza yokha mpaka bandulo ya mayi, yoyenera kukhala sabata, idatha kusanache. Ndalama ya mbatata thumba limodzi idapita choncho. Mnyamatayo adauza kompyutayo kuti intanetiyi ndi yoyezedwa, adaika mawu achinsinsi pa netiweki, ndiponso adachotsa zikuto za lamyazo, pakuti lamya yogwira ntchito ili pamoto imatentha ndipo batire yake imatha kutupa.

Mkulu uja ankaonerera zonsezi ali chete. Iye adakula nthawi imene kuimba lamya kunkafuna ulendo wa njinga kupita ku positi ofesi. Lamya za m'manja zidafika m'dziko muno mu 1995 ndi kampani ya TNM, kenaka Celtel mu 1999, imene idasanduka Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. M'zaka zonsezo iye ankaiona lamya ngati chinthu cha munthu mmodzi, monga mswachi. Kuiona yake itagona pathabwa limodzi ndi ya wogulitsa mandasi kudamupatsa zolingalira zimene sadauze munthu.

Tsiku la mafunso lidafika. Mtsikanayo adavala bulauzi yoyera, nakhala patebulo lodyera, ndipo nkhuku zonse adazitsekera m'khola. Nkhope zitatu zidaoneka pa kompyuta. Mafunso adayenda bwino mpaka pakati, pamene lamya ya mayi, imene idasenza chipika chija, idalira m'chipinda cha chimanga. Adali amayi a ku mvano, akufunsa za maliro a m'mudzi woyandikana. Mnyamatayo adali ataiwala kuti lamya zambiri zikamalandira woimba zimatsika kuchoka pa 4G kupita pa netiweki yakale, ndipo intaneti imafooka kapena kuimiratu. Nkhope zija zidauma pomwepo, mmodzi ali kukamwa yasa.

"Achemwali, musakhudze kanthu!" adanong'ona mnyamatayo ali pakhomo.

Mtsikanayo adaika manja pamiyendo, maso ali pa galasi louma lija. Bambo adaimirira pampando wawo. Kenaka nyali yaing'ono ya pa rauta idaphethira, katundu adasamukira pa lamya ya wogulitsa mandasi, ndipo pakamwa paja padatsekeka. Wofunsayo adabwereza funso lake, ndipo mtsikanayo adaliyankha mpaka kumapeto.

Madzulo mnyamatayo adatsitsa lamya ya bambo ake, nawapatsa ndi manja awiri. Idali yofunda ngati dzira longoikiridwa kumene. Mkuluyo adaitembenuza, nafunsa kuti yankho la ku Britain lidzabwera bwanji. Atamva kuti lidzabwera pa intaneti pomwepo, mwina patapita sabata zingapo, adaibweza m'manja mwa mwana wake.

"Kaibwezere pathabwa paja," adatero. "Ndipo mawa ukawapatsire mayi aja mbatata."