Ku Nyika, chuma chake ndi udzu

Msewu wochoka pa boma la Rumphi kudzera ku Bolero kukafika pa chipata cha Thazima ndi wotopetsa, ndipo mukalowa pachipatapo musaganize kuti mwafika. Galimoto imakwerabe m'nkhalango ya masuku ndi mombo kwa nthawi yaitali. Kenaka mitengo ija imangotha. Kutsogolo kumaoneka zitunda za udzu zokhazokha, china kuseri kwa chinzake, mpaka pomwe maso alekezera. Apa mwakwera mamita oposa 2,000, ndipo mu June ndi July madzi amatha kuundana usiku.

Titapitako ndi ana a kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pathu, mtsikana wina wa Fomu 2 adafunsa kuti, "Aphunzitsi, mitengo kuno adadula ndani?" Funso lake silidandidabwitse. Dzinja lililonse timamva pawailesi kuti tibzale mitengo, ndipo ambirife tidafika poganiza kuti malo opanda mitengo ndi malo oonongeka. Kwathu kumidzi n'zoona ndithu. Ku Nyika ayi. Udzu wa kumeneku ndi wakalekale, ndipo ndi umene mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo zimadya. Mvula ikagwa, m'udzumo mumaphuka maluwa a mtundu wa chinaka oposa mitundu 200.

Ntchito yaikulu ya udzuwu ili pansi. Mizu yake ndi madambo a m'zigwa zimamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi ndi Wovwe imayambira kumeneku. Mlimi wa mpunga ku Wovwe, ngakhalenso amene amayatsa magetsi opangidwa pa mtsinjewu, akudyera udzu umene mwina sadauonepo.

Atsamunda nawo adaona ngati malowa akungokhala. M'zaka za m'ma 1950 adabzala paini pa Chelinda. Lowani m'nkhalango imeneyo muone: pansi pali masamba ouma okhaokha, duwa kapena udzu kusowa. Choipa china n'chakuti mbewu za painiyo zimauluka n'kumakamera m'udzu, kotero ogwira ntchito m'paki ayenera kumazula timitengo pomwe ena tonse tikubzala.

Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1965, ndipo poikulitsa mu 1978 mabanja ambiri adasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Nkhani imeneyi sitiyenera kuibisa pophunzitsa ana. Ine ndimafuna kuti Nyika ikhale momwe ilili, yopanda khasu, migodi kapena misewu yatsopano yodutsa m'madambo. Koma anthu ozungulira pakiyi ndi amene adalipira mtengo wake, choncho ntchito, ndalama za alendo ndi mwayi woika ming'oma ya njuchi ziziyambira kwa iwo. Munthu amene sapindulapo kanthu simungamuletse kutentha tchire kapena kukumba chinaka n'kukagulitsa.

Palinso malo ena amene timawanyoza kuposa udzu. Kumunsi kwa mapiriwa, cha kumpoto m'boma la Karonga, kuli dera la Mwakasyunguti, la zigwembe zokumbika ndi madzi, dothi lofiira losamera kanthu kwenikweni. Mlimi angadutsepo osacheuka. Komatu m'zigwembe zimenezo ndi momwe akatswiri adafukula mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus, chimene chifanizo cha mafupa ake chidaimikidwa m'nyumba yosungira zakale pa boma la Karonga.