Za Kompyuta Yosalankhula

Abale, ife amene tidaika Linux m'makompyuta athu tidziwa chisoni cha tsiku loyamba: zolemba zioneka bwino, koma tikafuna nyimbo kuli zii. Pamenepo ambiri athamanga kukagula zokuzira mawu zatsopano, nataya ndalama pachabe, pakuti palibe chinafa. Pakati pa Linux ndi chipangizo cha mawu paima womasulira, monga pabwalo la milandu, dzina lake driver. Ndipo kapena iye asowa, kapena alipo koma watsekedwa pakamwa.

Ntchito iyi ili m'manja mwa ALSA, imene Jaroslav Kysela adaiyamba m'chaka cha 1998. Tsono ife tiyamba kulemba aplay -l, kuti tione ngati chipangizocho chazindikirika. Chikazindikirika, titsegula alsamixer. Kawirikawiri pansi pa Master tipeza zilembo MM. Tikakanikiza M zisanduka 00, ndipo mawu atuluka. Kanthu kakang'ono ndithu, koma kazunguza mitu ya anthu ochenjera.

Koma makompyuta ena atsopano a Intel salankhula konse, kufikira titawapatsa Sound Open Firmware ndi kuwayatsanso. Iyo ibwera ndi intaneti, imene kumudzi sitiipeza msanga. Chifukwa chake tiitenga tisanachoke m'tauni.