NYUMBA YA KU NEW YORK KUMENE ANTHU ANALI KULIPIRA KUTI AKALIRE

Mlendo amene wafika koyamba mumzinda wa New York, m'dziko la America, akatuluka m'sitima yoyenda pansi pa nthaka pa siteshoni ya Times Square amayamba waima kaye kuti mutu ukhazikike. Nyumba za pamenepo n'zazitali kotero kuti dzuwa limafika pansi kwa maola owerengeka cabe, ndipo usiku sikuda ai, popeza makoma anakutidwa ndi nyali ndiponso zithunzi zoyenda zoitanira malonda. Malowa analandira dzina lao m'caka ca 1904, pamene nyuzipepala ya New York Times inamanga nyumba yake pamenepo. Anthu a mitundu yonse amadutsa usana ndi usiku ngati linthumbu, koma palibe woima kupatsa mnzake moni. Munthu angathe kuswera m'khamu limenelo tsiku lathunthu osamva wina akumfunsa kuti wauka bwanji.

Malo amenewa ali pa cilumba ca Manhattan. Miseu yambiri ya pa cilumbaci imadziwika ndi manambala, ndipo inalambulidwa moongoka ngati mizere ya m'munda. Koma mseu wochedwa Broadway sunamvere lamulo limeneli: umayenda mopingasa, kudula inzake, ndipo dzina lake ndilo linasanduka dzina la nchito ya masewero akulu-akulu a mumzindawo. Nyumba za masewero zowerengedwa kuti n'za Broadway ziripo 41, iri yonse ya mipando 500 kapena kuposa, ndipo zambiri ziri m'timiseu ta m'mbali. Amene thumba lao n'lopepuka amaima pa mzere pansi pa makwerero ofiira a pa Times Square, pamene pamagulitsidwa matikiti otsala a tsiku lomwelo pa mtengo wotsika.

Mlendo akacoka pamenepo nalowa mumseu wa West 45th Street kulinga kumadzulo, apeza kudzanja lamanja nyumba yaifupi ya miyala yoyera, ya nsanamira zazitali kutsogolo. Imeneyo ndiyo Music Box. Inatsegulidwa m'caka ca 1921 ndi a Sam Harris pamodzi ndi a Irving Berlin, mpeki wa nyimbo amene anafika ku America ali mwana wa anthu osauka ocokera ku Russia. Iri ndi mipando yokwana ngati 1,000, ndiye kuti n'njaing'ono poilinganiza ndi zinzake. M'nyumba imeneyi, pa 4 December 1916 panalibe ngakhale maziko. Koma pa 4 December 2016, nyengo imene kuno alimi ali kalikiliki m'minda ndipo kumeneko kuli cisanu columa, munatsegulidwa sewero lochedwa Dear Evan Hansen, limene linakhalamo kufikira pa 18 September 2022.

Linali sewero la nyimbo. M'masewero otere anthu amalankhula monga mwa nthawi zonse, koma nkhani ikafika polemera amaipitiriza ndi nyimbo, monga momwe mai wa pa mtondo amaimbira zimene sangathe kunena pamaso pa apongozi. Nyimbo zake anapeka ndi a Benj Pasek ndi a Justin Paul, ndipo nkhani analemba ndi a Steven Levenson. Linayesedwa coyamba mumzinda wa Washington m'caka ca 2015.

Nkhaniyo ndi ya Evan Hansen, mnyamata wa zaka 17 amene ali m'caka comariza ca sukulu ya sekondale. M'thupi ali bwino, koma ali ndi mantha akulu a anthu. Akafuna kulankhula m'manja mumacita thukuta, mau amakwerana pakamwa, ndipo amapepesa ngakhale pamene sanalakwe. Amalolera kugona ndi njala kusiyana ndi kulankhula ndi munthu wobweretsa cakudya pakhomo. Atate ake anacoka iye ali ndi zaka 7. Amai ake, a Heidi, amathandiza anamwino ku cipatala ndipo madzulo ena amapita kukaphunzira, motero pakhomo sapezeka-pezeka. Dotolo wa matenda a maganizo analangiza mnyamatayo kuti azidzilembera yekha makalata odzilimbitsa mtima. Dzina la seweroli ndi mau oyamba a kalata yotero, ndipo atanthauza kuti Wokondedwa Evan Hansen.

Tsiku lotsegulira sukulu Evan afika mkono uli m'cikhakha ca pulasitala, cifukwa akuti anagwa mumtengo. Kumeneko ndi mwambo kuti anzake a munthu wothyoka alembe maina ao pa cikhakhaco. Ca Evan cikhala coyera mbee, kufikira mnyamata wina waukali ndi wosakondedwa, Connor Murphy, alembapo dzina lake m'zilembo zazikulu. Connor yemweyo atola kalata imene Evan anadzilembera, napezamo dzina la mlongo wake Zoe, napsa mtima n'kucoka nayo. Patapita masiku owerengeka, Connor adzipha. Makolo ake apeza kalatayo m'thumba mwake, ndipo akhulupirira kuti ndi mau otsiriza a mwana wao kwa bwenzi lake la pamtima.

Apa ndipo pagona nkhani. Evan ayesa kukana, koma lilime limkanika, ndipo amai a womwalirayo aona dzina la mwana wao pa cikhakha. Kwa iwo umboni wakwana: mwana amene anali kuganiza kuti anafa wopanda mnzake anali naye bwenzi. Ndani angalande mai wofedwa citonthozo cotere? Evan abvomera. Ayamba kupeka maulendo amene sanayende ndi Connor, ndiponso makalata a pa kompyuta amene sanalemberane. Banja la a Murphy, limene liri ndi cuma, limlandira ngati mwana wao. Adya kwao, agona kwao, ndipo Zoe ayamba kumkonda. Mau amene alankhula pa msonkhano wokumbukira Connor afalikira pa intaneti, anthu a kutali asonkha ndalama zoti atsegulirenso munda wa maapulo m'dzina la womwalirayo, ndipo mnyamata amene sanali kupenyedwa ndi munthu asanduka wochuka. Koma mapanga awiri abvumbwitsa. Amai ake eni azindikira kuti mwana wao wapeza nyumba yina, kalata ija iikidwa poyera, anthu a pa intaneti atembenukira banja lofedwa ndi matukwano, ndipo Evan aulula zonse.

Pa mseu womwewo, m'nyumba ya Minskoff, muli sewero la The Lion King, la zinyama za mu Africa, zobvala zonyezimira ndi gulu lalikulu la obvina. Dear Evan Hansen linalibe zonsezo. Osewera anali 8 cabe, katundu wa pa bwalo anali bedi, thebulo ndi mpando, ndipo oimba zoimbira anali kukhala pa kansanja pamwamba. Cikhalireco mipando inali kudzala, ngakhale kuti tikiti imodzi kawiri-kawiri inali kupitirira madola 100. M'caka ca 2017 linalandira mphotho 6 za Tony, zimene ndi ulemu waukulu koposa wa pa Broadway. Kodi n'ciani cinali kukokera anthu ku nkhani yomvetsa cisoni cotere?

A Pasek anafotokozapo kuti mbeu ya nkhaniyi anaitola ali mwana wa sukulu kufupi ndi mzinda wa Philadelphia. Wophunzira wina atamwalira, iwo anaona anzao amene sanali kumdziwa n'komwe akulimbirana kunena kuti anali mabwenzi ake. Owerenga a kumidzi sangadabwe nazo. Pa maliro ambiri, wolira mokweza si uja anali kubwera ndi phala pamene wodwala anali pa mphasa. Seweroli silinyoza anthu oterowo, koma lifunsa cimene cimawasowa kuti akafune malo pa imfa ya mwini. Yankho lake n'lakuti nawonso ali okha-okha. Mtsikana wanzeru amene atsogolera nchito yokumbukira Connor, ndi mnyamata wanthabwala amene athandiza kupeka makalata abodza, onse alibe wowafunsa za kumtima. Woonerera ali yense anali kupeza pa bwalopo wina wofanana naye.

Acinyamata anali kuonanso dziko lao leni-leni. Kumbuyo ndi m'mbali mwa bwalo munali magalasi akulu oyenda, oonetsa mauthenga ndi zithunzi za pa intaneti zikutsika ngati mvula, ndipo pakati pa phokoso lonselo panaima mwana mmodzi wosowa wolankhula naye. Cithunzi cimeneci sicisiyana ndi ca kunja kwa citseko, pa Times Square. A Ben Platt, amene anayamba kusewera mbali ya Evan ndipo analandira mphotho ya Tony ali ndi zaka 23, anali kulira misozi yeni-yeni akuimba, mapewa atagwa, zala zikukoka-koka m'mphepete mwa malaya. M'caka ca 2019 mbaliyo inapatsidwa kwa Andrew Barth Feldman, mwana wa sukulu wa zaka 16.

Koma amene seweroli linawalasa kwambiri mwina ndi makolo. Muli nyumba ziwiri m'nkhaniyi, yosauka ndi yolemera, ndipo m'zonse ziwiri mwana anali kumira akulu akupenya. A Heidi si mai woipa. Amathamanga kucokera ku nchito kupita ku sukulu kuti mwana wao adzaphunzire, amamfunsa ngati wamwa mankhwala, ndipo iye akayankha kuti zonse ziri bwino amakhulupirira, cifukwa atopa. A Murphy analipira madotolo ndi malo othandizira ana obvuta, koma m'nyumba mwao munali mikangano yokha-yokha. Ca kumapeto a Heidi awerenga kalata ija, nazindikira kuti wolemba ndi mwana wao, ndiponso kuti sanagwe mumtengo mwangozi: anataya nthambi dala. Cakudza siciimba ng'oma. Maiyo sakalipa. Akhala naye pa mpando namkumbutsa tsiku limene galimoto yaikulu inadzatenga katundu wa atate ake, ndi mantha amene kamwanako kanali nao usiku umenewo akuti amainso adzatengedwa, namtsimikizira kuti iwo sadzacoka. Pofika pamenepa m'nyumba monse munali kumveka kufwenthera. A Rachel Bay Jones, amene anasewera mbali ya maiyo, nawonso analandira mphotho ya Tony.

Nkhani imeneyi si ya ku America kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena m'caka ca 2021 kuti mwa ana 7 ali onse a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi bvuto la maganizo, ndipo ambiri a iwo sadziwika kapena kuthandizidwa. Mwana wotero kawiri-kawiri amachedwa wamanyazi, waulesi kapena wamwano. Eni seweroli anagwirizana ndi mabungwe othandiza acinyamata, monga Child Mind Institute ndi JED Foundation, kuti woonerera amene wakhudzidwa adziwe kopita. Sewero likatha, khamu la anyamata ndi atsikana linali kudikira pa kakhomo kotulukira osewera, pafupi ndi khomo lalikulu, ena atagwirana manja ndi amai ao.

Sikuti onse analiyamikira ai, ndipo odandaula ali ndi mfundo. Connor, mwana amene anafadi, aoneka wamoyo kwa mphindi zocepa cabe; pambuyo pake amene aonekera pa bwalo ndi Connor wa m'maganizo a Evan, wofatsa ndi wanthabwala, amene sanakhaleko. Evan ananamiza banja lolira, napeza cikondi ca mlongo wa womwalirayo mwa bodza, koma a Murphy samuulula kwa anthu, ndipo patapita caka akumana ndi Zoe m'munda wa maapulo uja nalankhulana mwamtendere. Kunena zoona, mlandu wotere ukanafika pa bwalo la mfumu sukanatha mopepuka cotero. Nyimbo zokoma zimanyengerera woonerera kukhululuka msanga kuposa m'mene ayenera. Palinso nkhani ya mtengo: mai wa malipiro onga a Heidi sakanatha kugula matikiti awiri popanda kudzimana. Pamene nkhaniyi inajambulidwa pa kanema m'caka ca 2021, anthu ambiri sanaikonde. A Platt anali atafika zaka 27, ndipo bodza limene linali kumvetsa cifundo pa bwalo linaoneka louma pa nkhope ya munthu wamkulu.

Mliri wa Covid-19 unatseka nyumba zonse za pa Broadway mu March 2020, ndipo seweroli linabwerera mu December 2021, koma silinakhalitsenso. Pamene linatsekedwa linali litaonetsedwa nthawi zoposa 1,600 m'nyumba ya Music Box. Ku London linakhala m'nyumba ya Noël Coward kuyambira 2019 kufikira 2022, ndipo m'caka ca 2024 gulu lina linayamba kuliyendetsa m'mizinda ya ku Britain, kuyambira ku Nottingham.

Lero pamwamba pa khomo la Music Box pamalembedwa maina a masewero ena, ndipo mlendo wodutsa mu West 45th Street sangaone cizindikiro ca misozi imene inagwa m'menemo. Wofuna cotsala ayenera kukwera sitima ya pamtunda kulinga kumwera, ulendo wa maola atatu kapena anai, kukafika ku Washington. Kumeneko, m'caka ca 2018, eni seweroli anapereka ku nyumba yosungiramo zinthu za mbiri ya dzikolo, ya National Museum of American History, malaya a mizere yobiriwira ngati thambo amene Evan anali kubvala, pamodzi ndi cikhakha coyera colembedwa dzina limodzi lokha, la Connor.