Hefsiba: Nyumba ya Maphunziro M'mapiri a Angónia

Munthu wochokera ku Dedza akadutsa malire pa Calómuè, sazindikira msanga kuti walowa m'dziko lina. Mphepo yozizira ndi yomwe ija, minda ya kachewere ndi chimanga ndi yomwe ija, ndipo amayi ogulitsa nyemba m'mbali mwa msewu amamulonjera m'chinenero chake. Chakumadzulo kuli phiri la Domwe, kumene Angoni a Maseko anakhazikika kalelo. Chosintha ndi zikwangwani zokha, pakuti nzolembedwa m'Chipwitikizi. Msewuwo umakafika ku Vila Ulónguè, likulu la boma la Angónia m'chigawo cha Tete. Kumeneko ndiko kuli Hefsiba, sukulu ya ukachenjede ya mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique.

Mlendo wozolowera makoleji a m'mizinda akhoza kuona zipinda zophunziriramo, nyumba ya mabuku ndi nyumba za ophunzira, nkuziyesa zinthu wamba. Koma wodziwa mbiri ya dera lino sangatero. M'chaka cha 1909 Mbusa A.G. Murray wa mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso, ndipo ana anayamba kuphunzira kuwerenga. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka mishoniyo. Chimenechi ndi chaka chomwe Buku Lopatulika linamalizidwa m'chinenero chathu: buku linafika, koma sukulu yophunzitsa kuliwerenga inali itatsekedwa. Kwa zaka zambiri akhristu a kuno ankayenda pansi kuwoloka malire kukamva Mawu ndi kukabatiza ana awo m'mipingo ya ku Malawi.

Ufulu utabwera mu 1975, sipanapite nthawi nkhondo yapachiweniweni inabuka. Midzi ya Angónia inasanduka mabwinja, anthu nathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, ndipo mu 1994 Hefsiba inatsegulidwa kuti iphunzitse abusa. Dzinalo lichokera pa Yesaya 62:4, pamene dziko losiyidwa lipatsidwa dzina latsopano losonyeza kuti Mulungu akondwera nalo. Pambuyo pake boma linaivomereza kukhala Instituto Superior Cristão, ndipo inayamba kuphunzitsanso maphunziro ena osati a ubusa okha.

Chipinda choyenera kuchilingalira kwambiri ndi nyumba ya mabuku. Wophunzira wa pano amaphunzira m'Chipwitikizi, koma ambiri amakalalikira m'Chichewa, pamene mabuku ochuluka a maphunziro a zaumulungu amene makoleji a ku Zomba, Nkhoma ndi Lusaka amadalira ali m'Chingerezi. Ambiri a m'Chipwitikizi amasindikizidwa kutali ku Brazil. Motero buku lililonse limene lili pa shelefu layenda ulendo wautali, ndipo wophunzira amasenza katundu wa zinenero zitatu asanaime pa guwa. Tikatumiza katoni ya mabuku osafunsa chinenero chimene abale athu amawerenga, tangowapatsa khasu lopanda mpini.

Palinso nkhani ya luso. Anthu a Angónia ndi oimba. Ngoma ya Angoni ikali kuvinidwa, ndipo makwaya a amayi ndi achinyamata amapeka nyimbo zatsopano chaka ndi chaka. Koma nyimbo yosalembedwa imapita ndi mwini wake. Sukulu ya mpingo, kaya ku Ulónguè kaya kwathu, iyenera kukhala ndi chipinda chimene nyimbo zingaphunzitsidwe, kulembedwa ndi kujambulidwa. Chipinda chotere si chokongoletsera sukulu ayi, ndi nkhokwe.

Lero Hefsiba siili yokha m'tauniyi. Yunivesite ya boma ya Zambeze inaikanso kumeneku nthambi yake ya maphunziro a zaulimi, moyenera ndithu, pakuti Angónia amadyetsa chigawo cha Tete. Mwana wa mlimi wa kachewere angathe tsopano kuphunzira za nthaka kapena za Mawu osachoka m'mapiri a kwawo.

Abale ndi alongo, amene muli pafupi ndi malire pitani mukaone. Tiwakumbukire m'mapemphero aphunzitsi ndi ophunzira a ku Hefsiba. Ndipo aliyense adzifunse: kodi nyumba ya mabuku ya pa mpingo wathu, imene palibe boma linaitsekapo, ndi yotsegula?