Mphindi zisanu pakhonde

Ndinachoka ku Mulanje m'chaka cha 2018 mwana wanga akadali kubere. Ndinabwerako ku Johannesburg mu Epulo 2023, iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chinandibweza ndi namondwe wa Freddy, amene mwezi wa Malichi anagumula mapiri ndi kusefukiritsa mitsinje, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa m'dziko muno. Nyumba yathu chakufupi ndi Muloza inapita ndi madzi. Mayi ake anathawa naye usiku atamubereka kumbuyo ngati khanda.

Ndinabwera ndi ndalama za malata, nsapato ndi mpira. Zonse analandira, koma ine ayi. Ndikamuitana ankathawira kwa malume ake. Pouza anzake ankati "bambo aja". Kwathu kuno n'kwachikamwini, ndipo mwana kukonda malume sichachilendo, komabe mumtimamu munkawawa. Mvula ikangoyamba kugunda pamalata ankakuwa, usiku n'kukodzera pamphasa. Ine ndinkathyola kamtengo. Ndinkati m'mera mpoyamba, mwanayu amayi ake amulerera mwachisasati.

Amene ananditsegula m'maso ndi mayi wina wophunzira za uphungu, yemwe ankayendera mabanja ochokera m'misasa. Ndinamulandira ndi chimwemwe, poganiza kuti wabwera kudzawongola mwana. Atamva mbali yanga anangoti: "Bambo, mwanayu sanaonongeke. Ali ndi mantha, komanso inu sakukudziwani. Ntchito tiyambira pa inuyo."

Kunena zoona ndinapsa mtima. Ine munthu woti ndavutika zaka zisanu m'dziko la eni chifukwa cha mwana yemweyu, lero ndikhale wodwala?

Mankhwala ake anali oseketsa. Tsiku lililonse ndikhale naye pansi mphindi zisanu, iye asankhe choseweretsa, ine ndizitsatira. M'mphindi zimenezo osafunsa funso, osalamula, osadzudzula. Ndizingonena zimene ndikuona akuchita, kubwereza mawu ake, kutsanzira masewera ake, ndi kumuyamikira potchula chenicheni chimene wachita bwino.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti njirayi ili ndi mwini wake. Anaiyambitsa Sheila Eyberg wa ku America m'zaka za m'ma 1970, ndipo imatchedwa Parent-Child Interaction Therapy, ya ana a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri. Kumeneko mlangizi amabisala kuseri kwa galasi n'kumanong'oneza kholo kudzera m'kachipangizo ka m'khutu. Ife galasi tinalibe. Mayi uja ankakhala pampando pakhonde, ndikalakwitsa n'kutsokomola.

Abale anzanga, tsiku loyamba anatsokomola ngati wadwala chifuwa chachikulu! Ndinazindikira kuti ine ndi mwana wanga sindinkadziwa chilankhulo china kupatula mafunso ndi malamulo. "Ukutani? Siya zimenezo! Khala bwino!" Atandilanda mawu amenewa, pakamwa panga panatsala pululu.

Sabata yachitatu ndi imene sindidzaiwala. Mnyamata anaumba tinyumba tadothi, n'kuikamo timiyala. Kenaka anatenga chikho cha madzi n'kukhuthulira pamwamba, tinyumba tonse phwasu! Anaumbanso, n'kuthiranso. Thupi langa linachita tsembwe. Ndinafuna kukalipa kuti masewera amalodza amenewo ndisawaonenso, koma ndinamva kutsokomola kuja ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndinangoti: "Madzi agwetsa nyumba."

"Madzi agwetsa nyumba," anavomera osandiyang'ana. Anatola kamwala kamodzi. "Awa ndi amayi." Anatola kena. "Uyu ndine." Ndiye anakhala chete pang'ono. "Ababa kulibe."

Ndinameza malovu. Ndinkafuna kumufotokozera za mapepala, za ndalama ya basi, za mafoni amene sankagwira masiku amenewo. Koma lamulo linali lobwereza basi. "Ababa kunalibe," ndinatero. Aka kanali koyamba kuti andiyang'ane m'maso nthawi yaitali.

Mayi uja anandiuza kuti mwana amalankhula ndi masewera zimene pakamwa sipangathe. Anabwereza chigumula chake masiku ambiri, mpaka tsiku lina anaumba nyumba pamwamba pa njerwa pamene madzi sanafike.

Wina asaganize kuti njirayi n'njosasatitsa ana. Gawo lachiwiri ndi la mwambo: lamulo limodzi panthawi imodzi, lomveka, lonenedwa mosakuwa, ndipo akakana chotsatira chake chizikhala chomwecho lero ndi mawa, monga kukhala payekha kanthawi kochepa. Koma amayamba ndi ubwenzi, chifukwa mwana samvera mlendo. Mlendo amangomuopa.

Alamu anga ankaseka poyamba, amvekere: "Alamu, ku Joni munakaphunzira kuumba ng'ombe?" Sindinawayankhe. Ndinakumbukira kuti agogo anga ankachita zomwezi osadziwa dzina lake, pokhala nafe pamoto tikukazinga chimanga, iwo n'kumangomvetsera. Ife a masiku ano, kaya tili ku Joni, ku Limbe kapena m'minda ya tiyi, timatumiza ndalama n'kuyesa kuti talera.

Sindinama kuti zonse zinatheratu. Mitambo ikakuta phiri, mnyamata amakhalabe chete. Koma kamtengo kaja ndinataya. Usiku wina mvula ya Disembala itayamba kulira pamalata, ndinamva timapazi tikubwera mumdima. Anadutsa pamene panagona amayi ake n'kudzandigwedeza phewa.

"Ababa, sunthani."

Ndinasuntha.