Honda ya ba mudala siinafe, igona chabe

Mukamadutsa mu Matero, mu Chilenje olo mu Libala, osangoyang'ana ma wall fence ndi mageti atsopano. Ponyani maso kuseli kwa nyumba zakale zija za council. Pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi khola la nkhuku, nthawi zina mudzaona chinthu chophimbidwa ndi tenti yong'ambika ndi malata awili. Ni honda imeneyo. Olo ikhale Yamaha, olo Suzuki, kuno kwathu njinga yamoto iliyonse ni honda, monga mmene mankhwala onse otsukila mano alili Colgate.

Eni ake ambili ni azibambo amene anapuma nchito: alangizi a zaulimi, a zaumoyo, a zanyama, amene anatha zaka akumenya fumbi m'midzi. Boma la Chiluba litagulitsa nyumba za council kwa okhalamo mu 1996, iwo anakhazikika pamenepo, ndipo katundu wao anakhazikika nao. Manje vuto ni yakuti si imwe nokha amene muona njinga zimenezi. Anyamata a scrap nao azungulila makomboni ndi sikelo yao. Iwo safunsa kuti injini ni ya chaka chanji, amapima chabe makilo. Chitsulo chikalowa m'ng'anjo ku Kafue chimabwelako chili nsimbi zomangila nyumba, nkhani yatha.

So ngati mulakalaka njinga yosafanana ndi ma Boxer a anyamata a delivery, ndipo thumba silikulolani kulowa mu showroom, tiyeni tiyende. Lusaka ili ndi zonse zoukitsila honda yakale, koma zili zomwazikana. Muzazitola ndi miyendo.

Matero: kusankha mtembo woukitsika

Kwa munthu woyamba, dzina loyamba kufunsa ni Honda CG125. Inatuluka mu 1975, ndipo akatswili a Honda anaipanga atazungulila maiko a ku Asia ndi kuona mmene anthu amazunzila njinga: kukwelapo banja lonse, kusasintha oilo mpaka ikhale ngati phala. Anapanga dala injini yopilila, ya four-stroke, yokhala ndi ma pushrod, yosavuta kumasula. Chinanso chabwino n'chakuti njinga zambili za ku China zinakopela injini imeneyi, ndiye ma spare ambili amalowa.

Yachiwili ni Yamaha AG200, ija ya makeliya kutsogolo ndi kumbuyo, tcheni chake chobisika m'chibokosi kuopa matope. Inapangidwila mafamu, n'chifukwa chake mabungwe ndi maofesi a boma anaikonda. Kulinso DT125, ya two-stroke, yolila ngati njuchi ndi kusiya utsi wa buluu kumbuyo. Ni yokoma, koma ifuna oilo ya 2T masiku onse, ndipo mukaiwala pisitoni imagwila osachenjeza.

Mukafika pakhomo osayamba ndi mtengo. Odi, moni, khalani pansi, funsani za umoyo. Njinga iyi kwa iwo ni unyamata wao. Mudzamva mau amene mwini honda aliyense amakamba: "Mwana wanga, iyi ilibe vuto, ni battery chabe." Vomelani mwaulemu kuti "zoona ba tate," kenaka pemphani kuiyesa.

Pondani kiki pang'onopang'ono. Ngati siisuntha olo pang'ono, injini inagwila, ndipo ndalama yake ni ina. Ngati itsika mopepuka ngati mwaponda siponji, compression kulibe. Yabwino ni ija imene ikukanizani pang'ono, kenaka n'kutsika. Tsegulani tanki, walitsani tochi ya foni muone dzimbili. Tulutsani dipstick: oilo yakuda si nkhani, koma yooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi. Imani kumbuyo muone ngati mawilo awili ali pamzele umodzi. Fulemu yopindika olo yowotchelela pakhosi isiyeni, olo mtengo ukhale wa vitumbuwa.

Lumumba Road: mapepala choyamba, sipanala pambuyo

Apa ndi pamene ambili amalila. Munthu athila malipilo a miyezi isanu mu njinga, aipenta, aiwalitsa, ndiye pa roadblock yoyamba ba traffic afunsa white book. Zii.

Musanapeleke olo ngwee imodzi, onani white book ndi maso anu. Pukutani nambala ya fulemu pakhosi pa njinga ndi nambala ya injini, muziyelekeze ndi za m'buku, chilembo ndi chilembo. Lembelanani kalata yogulitsana, yokhala ndi manambala a NRC ndi mboni. Ngati inagulidwa ku auction ya boma olo ya bungwe, pepala la auction lipezeke. Ngati mwini wake anamwalila, kambani ndi administrator wa chuma cha malemu, osati mwana mmodzi amene afuna ya weekend. Apolisi aione kuti si yakuba, ndipo ku RTSA, monga pa ofesi yao ya mu Lumumba Road, akakuuzani zotsala kuti dzina lisinthe. Mzele ni wautali, dzuwa ni lowawa, koma tsiku limenelo ndi limene njinga ikhala yanu.

Pa yadi panu: kumasula osataya mutu

Garage yanu ni pakhonde, ndipo landlord muwauziletu. Zida zoyambila si zambili: masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, plug spanner, pulayasi, feeler gauge, ndi impact driver ija yomenya ndi hamala, chifukwa ma screw a njinga za ku Japan akakhala zaka amafafanizika mutu mukawakakamiza ndi screwdriver wamba. Onjezani palafini, mswachi wakale, ndi zigubu za Blue Band zosungilamo mabauti.

Chilichonse musanachimasule, chijambuleni pa foni. Waya uliwonse muumange kapepala. Mwezi ukapita simudzakumbukila kuti ka spring aka kanachoka kuti, ndipo ana a pa yadi adzakhala atakasandutsa choseweletsa.

Lamulo ni limodzi: iyambe yalila, kenaka iziima, kukongola kubwele pothela. Oyamba ambili amathamangila penti chifukwa ndiyo ioneka pa Facebook. Penti siyendetsa njinga.

Kuti ilile ifuna zitatu: petulo, moto ndi compression. Petulo yakale ikauma mu carburettor imasiya zomata zotseka ma jet, so masulani, viikani, uzilani mpaka muone kuwala kudutsa pa kabowo. Osatokosa ndi singano, mudzakulitsa bowo. Tanki ya dzimbili thilanimo viniga ndi manati ochepa, khutchumulani, isiyeni igone, tsukani, yanikani bwinobwino, ndipo ikani ka filter pa paipi. Pulagi yatsopano igunditseni pa injini n'kuponda kiki: moto wa buluu ni wabwino, wofiila ni wodwala. CG zakale kwambili ni za 6 volts ndi ma points, zapambuyo ni za 12 volts ndi CDI, ndiye dziwani yanu musanagule battery. Ma valve a CG125 amafuna mpata wa 0.08 mm injini ili yozizila. Pokhetsa oilo mudzapeza kasefa ka waya kuseli kwa chitsekelo, katsukeni, musakataye.

Town ndi Soweto: kusaka ma spare

Manje valani nsapato zolimba. Yambani m'mashopu a pakati pa Cha Cha Cha Road, Freedom Way ndi Lumumba, kumene zatsopano zipezeka: ma gasket, ma cable, tcheni ndi ma sprocket, ma brake shoe. Zimene zasowa kumeneko muzazisaka ku Soweto.

Soweto siifuna munthu waulesi. Mudutsa pakati pa mabokosi a tomato, milu ya salaula ndi masaka a kapenta, Zamcab ikukuwilani kumbuyo kuti mupatuke, ndipo ikakhala nyengo ya mvula matope afika mu akakolo. Mukalowa mkati mudzapeza tuntemba twa zitsulo, kumene munthu akhala pakati pa mulu wa zinthu zooneka ngati zinyalala, koma mukamuonetsa ka side cover ka CG alowetsa dzanja kamodzi n'kukatulutsa. Ngati alibe, adzakuuzani kuti "imani apa ba boss," n'kuzimilila mphindi khumi. Mtengo ukabwela wakwelako pang'ono, ndiye dziwani kuti miyendo yake mwailipila.

Nyamulani chakale m'thumba nthawi zonse. "Ni same chabe" yapweteka anthu ambili. Ikani ziwilizo pamodzi, welengani mano a sprocket, yezani utali wa cable. Funsani poyela ngati chili original olo gong'a. Gong'a pa galasi, pa indicator olo pa chigubu cha mpando siipha munthu. Koma pa mabuleki, matayala ndi ma bearing osachita chinyengo ndi moyo wanu. Tayala lili ndi manambala anayi pambali: awili oyamba ni sabata, awili otsiliza ni chaka chimene linapangidwa. Lija la ba mudala, olo mapanga ake aoneke atsopano, labala yake inauma kale.

Industrial Area, Kalingalinga ndi Garden: manja a ena

Pali nchito zimene si za pakhonde. Ngati cylinder ili ndi mikwingwilima, ipelekeni ku ma engineering shop a ku Industrial Area akachite rebore. Gulani pisitoni ya oversize choyamba, mupite nayo, chifukwa bowo amalipima kulingana ndi pisitoni imene ili m'manja.

Za kuwotchelela, mzinda uno uli ndi makoleji awili opanda chikwangwani: Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road, ndi Garden m'mbali mwa Katima Mulilo Road. Mageti, mawindo ndi ma door frame ali ndandanda pamseu, grinder ilila kuyambila m'mawa. Anthu amenewa adzakupangilani keliya, stand olo bracket ya exhaust mukuyembekezela. Imbani foni musananyamuke mufunse ngati malaiti aliko, chifukwa load shedding siidziwa kuti mwalipila basi ziwili. Ndipo wina akafuna kuyatsa moto pa tanki imene ikali kununkha petulo, nyamulani tanki yanu muthawe. Tanki yopanda petulo koma yodzala mpweya wake ndiyo imaphulika.

Mpando upelekeni kwa opanga masofa a m'komboni mwanu. Siponji yatsopano ndi chikopa chakuda, njinga isintha nkhope tsiku limodzi.

Koma munthu wofunika kuposa onse ni makanika wachikulile, uja wa ovolosi yosadziwika mtundu, amene anaphunzila pa njinga za ma points. Achinyamata ambili adziwa kuchotsa chakufa n'kuika chatsopano. Iye amatchela khutu n'kukuuzani kuti ni tappet, osati big end. Anthu otele achepa chaka ndi chaka, ndipo nzelu zao sizinalembedwe paliponse. Mukamupeza osamusiyila njinga n'kupita. Khalani pa chitini pambali pake, mupatsileni sipanala, funsani "apa mwachita bwanji ba mudala?" Mulipileni bwino, ndi ka drink pamwamba. Mudzabwelako ndi zambili kuposa njinga yokonzedwa.

Nkhani ya ndalama tikambe mosabisa: mtengo wogulila ni chiyambi chabe, ndipo zokonzela zikhoza kuupitilila. Gulani kabuku, lembani kwacha iliyonse. Gawani nchito mwezi ndi mwezi: uno carburettor ndi moto, wamawa mabuleki, winawo matayala. Chilimba ikhoza kukuthandizani pa rebore. Kaloba ayi. Njinga imene yagona zaka khumi ikhoza kuyembekezela month end ina.

Leopards Hill Road: tsiku loyamba

Ikalila koyamba, komboni yonse izamva, ndipo aja amene anali kukusekani kuti mwagula scrap adzakhala oyamba kupempha round. Akanizeni. Malizani licence ya njinga, insurance, road tax ndi fitness. Helmet gulani yatsopano. Ya salaula simudziwa kuti inamenyapo pansi kangati.

Ulendo woyamba usakhale wa mu Cairo Road pakati pa ma minibus, olo wa mu Kafue Road pakati pa ma truck. Sankhani Sunday m'mawa, anthu ali ku tchalitchi, mutenge Leopards Hill Road. Ngati ma ring ni atsopano osakoka moto wonse. Sinthasinthani liwilo, imani pang'ono injini ipume, ndipo oilo yoyamba muikhetse msanga. Mseu umenewu udutsa pa manda, ndipo pamenepo dzanja limafewa lokha pa throttle. Mukapitilila Bauleni nyumba ziyamba kutalikilana, mitengo ichuluka, mphepo izizila, ndipo mudzamva kalikonse kamene injini ikamba, chifukwa bauti iliyonse munaimanga ndimwe.

M'thumba mukhale pulagi ya spare, plug spanner, sipanala ya 10 ndi nambala ya makanika uja. Honda yakale ikhoza kuzima panjila, ni khalidwe lake. Mukatsika, yambani ndi pulagi.